Kalata kwa Mphwanga Amene Akukonzeka Kupita ku Joni

Furancungo, Macanga

Wokondedwa mphwanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi ako ndi ana onse ku Tsangano uko. Ife kuno tilipo, fodya tamaliza kugulitsa, tsopano tikukonza nkhokwe.

Mlongo wanga, amayi ako, anandiimbira foni Lamulungu. Akuti mbatata ya kachewere yakuyendera bwino chaka chino, wagwira mametikali 40,000, ndipo tulo sukugonanso chifukwa cha ulendo wa ku Joni. Akuti ukufuna kukakhala milungu itatu kwa msuweni wako, ukaode mafoni ndi nsapato zodzagulitsa kuno, ndiponso ukaoneko za ntchito. Iwo akufuna ndikuletse. Ine sindikuletsa. Mnyamata amene wadzilimira yekha, wadzisenzera yekha matumba mpaka pamsewu, sungamumange chingwe ngati mbuzi. Koma mbumba iyi ndi yanga, ndipo njira ukufuna kuyendayo ndinaiponda ndi mapazi angawa. Uwerenge kalatayi uli wekha, ndipo ukamaliza uiwerengenso.

Ndikudziwa zimene ukuganiza. Ukuti kunja unapitako kale, popeza wagulitsa kachewere pa Lizulu ndi pa Tsangano Turn-off kangapo konse. Mphwanga, ku Malawi kwa ife si kunja. Malire ake ndi msewu chabe, chinenero ndi chathu chomwechi, ndipo ndalama ikakuthera pa Ntcheu umangofunsa mfunda wa munthu n'kupeza pogona. Mu 1986 nkhondo itatithamangitsa tinangowoloka n'kukakhala kwa abale athu, mpaka mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okotobala 1992. Ku Joni kulibe zimenezo. Kumeneko madzi akumwa, pogona, ngakhale chimbudzi cha pa siteshoni, zonse zimafuna ndalama, ndipo ikatha palibe amene amakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani.

Ine ndinanyamuka mu 1996. Ndinagulitsa njinga ndi matumba a chimanga, ndinauza agogo ako kuti ndikabwera mvula isanagwe. Ndalama ndinawerengera yopitira yokha, poganiza kuti yobwerera ndikaipeza komweko. Pa chipata china munthu wosintha ndalama anandipatsa mpukutu wooneka wonenepa, ndipo nditaumasula m'basi ndinapeza kuti pakati pake ndi mapepala odula. Ndinafika ku Johannesburg ndili ndi ndalama yokwana chakudya cha masiku anayi. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene ndinkapeza m'maganyu a m'minda ya maluwa chinkathera pa lendi ndi pamimba. Mwezi uliwonse ndinkati wamawa ndisunga. Agogo ako anamwalira mu 1999, uthenga unandipeza patapita mwezi wathunthu ataikidwa kale. Ndinabwera mu 2003 ndi bulangete limodzi ndi wailesi. Zaka zisanu ndi ziwiri, mphwanga, pa ulendo wa miyezi itatu. Anthu amati matchona ndi anthu oiwala kwawo. Ambiri amene ndinagona nawo chipinda chimodzi sanaiwale konse, usiku ankatchula mayina a midzi yawo. Chinawasowa ndi ndalama ya basi, ndipo zaka zitachuluka manyazi obwerera chimanjamanja anawamanga miyendo.

N'chifukwa chake ndikuti kuwerengera kwako kuyambire pa tsiku lobwerera. Usanachotse ya pasipoti, usanachotse ya katundu, patula ndalama yokuchotsa pa siteshoni ya mabasi ya Park Station ku Joni mpaka kukufikitsa pakhomo pa amayi ako, kuphatikizapo chapa yochokera ku Tete ndi njinga yamoto ya kumapeto. Uonjezerepo ya chakudya cha masiku atatu. Ngati a basi alola, gula tikiti yopita ndi yobwerera nthawi imodzi. Yotsalayo uisinthe ikhale marandi, amayi ako aisokere m'kati mwa lamba wa buluku, ndipo uiyese ngati si yako. Msuweni wako asaidziwe. Tsiku lina adzakhala ndi vuto lenileni la lendi, adzakupempha ndi mtima wabwino, iwenso udzamupatsa ndi mtima wabwino, ndipo nonse awiri mudzakhala opanda pothawira.

Usadalire foni pa nkhani imeneyi. M-Pesa ndi e-Mola zimene wazolowera kuno sizikakugulira buledi kumeneko. Vodacom inatseka M-Pesa ku South Africa mu 2016. Ndalama imayenda mosavuta kuchokera ku Joni kubwera kuno, kudzera ku Mukuru ndi ena otere, koma kuti ife tikutumizire iwe uli uko ndi ntchito yaikulu. Ukasowa, usayembekeze kuti malume atumiza madzulo omwewo.

Chachiwiri chimene uchotse ndalama isanalowe m'chikwama cha ulendo ndi munda. Gula feteleza lero, matumba akhale m'nyumba mwa amayi ako, ndipo mbewu ya kachewere usagulitseko ngakhale ndowa imodzi. Ulendo ukakanika koma munda ulipo, wataya miyezi iwiri yokha. Ukadya mbewu ndi feteleza m'basi, chaka chamawa udzakhala ukulima ganyu m'minda ya anzako amene unawasiya. Za katapila ndisamve n'komwe. Ndaona mabanja kuno ku Macanga atalandidwa ng'ombe chifukwa cha ngongole ya mwana amene anapita ku Joni n'kusiya kuyankha foni.

Tsopano tenga pensulo uone chimene chatsala pa 40,000 ija. Mu 2025 randi imodzi inkadya mametikali atatu ndi theka kapena kuyandikira pamenepo, dola imodzi ya ku America pafupifupi 64. Ndalama yako yonse, usanachotsepo kalikonse, sikufika marandi 12,000. Kuno ndi chuma choti anthu akupatse mpando. Uko ndi malipiro a miyezi iwiri a munthu wolandira ndalama yotsikitsitsa imene lamulo lawo limalola, imene mu Malichi 2025 inali R28.79 pa ola.

Pasipoti upange yeniyeni, ku ofesi ya SENAMI ku Tete, ndi chiphaso chako cha BI chosatha masiku. Funsa mtengo wake pa windo pomwepo, ulipire pamene akuuza, utenge lisiti. Powerengera usaiwale kuti pasipoti imadya maulendo awiri a ku Tete, wokalembetsa ndi wokatenga, ndipo ulendo uliwonse uli ndi chapa, nsima ndi pogona. Anyamata ambiri amaiwala zimenezi n'kudabwa kuti ndalama yayamba kutha asanaone n'komwe mlatho wa Samora Machel kachiwiri. Padzabwera anthu okuuza kuti pasipoti ndi kutaya ndalama, iwo akudutsitsa pamtengo wotsika. Ukumbukire zimene zinachitika pa Mussacama, m'boma la Moatize, pamsewu womwe udzadutsewo: mu Malichi 2020 anatsegula kontena ya lole n'kupezamo anthu 64 a ku Ethiopia atafa chifukwa chosowa mpweya. Onsewo anali atalipira wina wowalonjeza njira yachidule. Ndipo amene amawoloka Limpopo usiku amakumana ndi maguma-guma, amene amavula munthu mpaka nsapato. Iwe uli ndi mwayi umene ine ndinalibe: kuyambira 2005 mwana wa Mozambique amalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30, ndipo ku Zimbabwe nakonso safuna viza. Lowera pakhomo, akudindire.

Njira yochokera ku Tete kudzera ku Changara, Cuchamano ndi Nyamapanda, Harare, Masvingo, Beitbridge mpaka Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,500. Ilipo ina yotsika ndi dziko lathu lomwe mpaka Maputo ndi Ressano Garcia, yotalika kwambiri koma ya chipata chimodzi. Funsa mitengo ya zonse ziwiri kwa anthu atatu osiyana amene ayenda chaka chino, osati kwa ine amene mitengo yanga ndi yakale. Safunsa anadya phula. Ukasankha ya ku Zimbabwe, nyamula madola ang'onoang'ono, a 1 ndi a 5, chifukwa ukapereka ya 20 chenji adzakubwezera mu ZiG, ndalama yawo imene inayamba mu Epulo 2024, ndipo ukangowoloka Limpopo palibe adzakulandire. Kusintha ndalama usinthire ku banki kapena kunyumba yosinthira ndalama ku Tete, masana, utakhala pansi, uwerenge pepala lililonse. Anyamata a pa chipata amene amakupiza mipukutu m'manja angakupatse mtengo wokoma pakamwa, koma zala zawo n'zofulumira kuposa maso ako.

Kamba unyamule wa kunyumba: mtedza wokazinga, mbatata yophika, zitumbuwa, botolo la madzi. Zakudya za m'malo oimira basi n'zodula kawiri. Udye zonse usanafike pa Beitbridge, popeza za kumunda ndi nyama amatha kulanda. Pa chipata chimenecho basi imatha kuima maola ambiri, ndiye uwerengere tsiku limodzi loonjezera. Jekete ugule pa kaunjika konkuno. Iwe wakulira m'mphepo ya ku Tsangano, koma chisanu cha Juni ndi Julaye ku Johannesburg, m'chipinda cha malata chopanda moto, ndi china.

Nambala ya msuweni wako ndi dzina la malo amene amakhala uzilembe papepala, chifukwa foni imabedwa kapena kuzima. Akudikire pa Park Station basi isanafike. Ukatsika wekha ndi chikwama n'kumayang'ana uku ndi uku, amene adzakuthamangire kuti akuthandize ndi amene adzakubere. Kuti ugule simu kadi ya kumeneko amafuna pasipoti ndi umboni wa pamene ukukhala, ndiye msuweni wakoyo akuperekeze.

Za kwa msuweni wakoyo ndinenepo pang'ono, popeza apa ndi pamene ubale umafera. Iye akakuuza pafoni kuti bwera palibe vuto, akunena ndi mtima wa kwathu. Koma chipinda chimene amagonamo amalipira, magetsi amagula, ndipo mwina amagawana ndi anzake awiri amene si abale ako. Mlendo ndi mame. Tsiku lofika, usanamasule chikwama, mupatse m'manja gawo lako la chakudya ndi magetsi la milungu itatuyo, ngakhale akane. Muyikirenso ufa pang'ono ndi nyemba za kwathu ngati zidutsa. Uwerengerenso ndalama ya takisi tsiku lililonse, chifukwa mzinda umenewo suyendeka wapansi, ndipo kuchokera kumalokeshoni kupita m'tauni nthawi zambiri ndi takisi ziwiri.

Pa katundu woti ukaode, ulendo woyamba ugule zochepa. Sudziwa masitolo, sudziwa foni yabodza ndi yeniyeni, ndipo mtengo wa m'sitolo si mtengo wofikira kuno. A basi amalipiritsa thumba lililonse lalikulu, a Alfândega pa chipata chathu amafuna msonkho, ndiye malisiti onse usunge ndipo ndalama ya msonkhoyo ikhale padera. Ndaona anthu atasiya katundu pa chipata chifukwa anagulira ndalama yonse. Usananyamuke, yenda pa msika wa ku Ulónguè ulembe mitengo ya zinthu zimene ukufuna kukatenga. Ukafika uko n'kupeza kuti phindu silikuoneka, bwera nayo ndalamayo. Palibe amene adzakuseke.

Tsono mawu aja akuti ukaoneko za ntchito. Ine ndikudziwa tanthauzo lake, chifukwa nanenso ndinawanena. Chidindo cha masiku 30 ndi cha mlendo, sichikuloleza kugwira ntchito. Wopanda mapepala amalipidwa zimene bwana wafuna, ndipo akapanda kulipidwa alibe kokadandaula. Malamulo awo kuyambira 2014 amati ukapitirira masiku ako ndi masiku osaposa 30, akutsekera khomo chaka chimodzi. Ukapitirira kuposa pamenepo, zaka zisanu. Akakugwira m'kati amakutsekera ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kukubweza. Tsiku la chidindo chako ulilembe pachikuto cha kope, ndipo unyamuke kutatsala masiku asanu.

Sindikufuna kukuopseza, koma sindingakubisire. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo, ndipo Ernesto Nhamuave, mwana wa dziko lathu, anatenthedwa wamoyo anthu akuonerera. Mu Epulo 2015 Emmanuel Sithole, wa kwathunso, anabayidwa pamsewu ku Alexandra. Zinthu zotere zimabuka mwadzidzidzi. Zikabuka, amene ali ndi ndalama m'lamba amakwera basi tsiku lomwelo, pamene anzake akugona pabwalo la polisi kudikira thandizo. Ukamva kuti kwayamba kutentha, usadikire kuti uone.

Tenga kope la sukulu, ulembe zonsezi mzere ndi mzere ndi mtengo wake: yobwerera, feteleza, pasipoti ndi maulendo ake, basi, madola a panjira, gawo la kwa msuweni, takisi, msonkho, ndipo pomaliza penipeni katundu. Ukaphatikiza n'kupeza kuti 40,000 yaperewera, usachotse pa mizere iwiri yoyambayo. Dikira ukolole za kudimba, upite chaka chamawa, Joni sathawa.

Ubwere kuno ku Furancungo Loweruka la mawa lino ndi kope limenelo, tidzawerengere limodzi usanapite ku SENAMI. Ndili ndi marandi pang'ono amene ndinasunga, ndidzaonjezera pa ndalama yako yobwerera. Uwauze amayi ako kuti ndalankhula nawe, ndipo upereke moni kwa onse.

Ndine malume ako.