Ziwerengero zija zinkachokera m'kaundula

Ndakumbuka nthawi ya Covid-19, pamene tinkadikira lipoti la Unduna wa Zaumoyo pa Facebook tsiku ndi tsiku: odwala atsopano angati, omwalira angati, abayitsa katemera angati. Ife akuno maso ankathamangira kufuna dzina la Phalombe. Katemera wa AstraZeneca anayamba kuperekedwa pa 11 Malichi 2021, ndipo mu Meyi boma linawotcha madozi 19,610 omwe anatha mphamvu asanabayidwe. Zinandipweteka mtima kwambiri.

Ziwerengero za katemera za kuno kwathu zinkayambira m'kaundula wa alangizi a zaumoyo ku Migowi, ku Chiringa, ku Nambazo, anthu opalasa njinga dzuwa likuswa mtengo, bokosi la katemera lili pakaliyala. Msodzi wa ku Chilwa akabayitsa kamodzi n'kulowera kunyanja osabweranso kudzabayitsa kachiwiri, iwo ndi amene ankadziwa, chifukwa mzere wake unkakhala wopanda kanthu.

Lero katemera wa poliyo ndi chikuku akuwerengedwa ndi anthu omwewo. Makolo anzanga, akafika pakhomo panu apatseni mpando, mutulutse kabuku ka mwana ka kusikelo alembemo.