Fupa la ntchafu ndi ana aakazi a Mfumu Nicholas

Lolemba

Lero aphunzitsi atipatsa fupa la ntchafu lophunzirira, lapulasitiki, kuti tipeze kutalika kwa mwini wake. Timaligoneka pa thabwa loyezera. Mapeto a ku bondo amagunda khoma la thabwalo, kenako timakankha kamtengo koyenda mpaka kakhudze mutu wozungulira uja umalowa m'chiuno. Langa lakwana masentimita 44.

Masamu ake ndi amene Mildred Trotter ndi Goldine Gleser anasindikiza mu 1952. Kwa mkazi wachizungu, kutalika kwa fupalo timakuchulukitsa ndi 2.47 n'kuwonjezerapo 54.10. Ndapeza 162.8. Koma kumapeto kwa masamuwo kuli kanambala kena, 3.72, kosonyeza mmene anthu enieni amapatukira pa yankholo. Aphunzitsi ati tikafuna kuti anthu pafupifupi onse a fupa lotere alowe m'kati, kanambalako tikawirikize kawiri, tiwonjezere uku, tichotse uku. Mwini fupa langa uja wasanduka munthu wa pakati pa masentimita 155 ndi 170. Mpata umenewu ndi waukulu kwambiri, ndipo wandikhala mumtima tsiku lonse.

Lachitatu

Atipatsa nkhani yeniyeni yoti tiyeserepo: banja la Nicholas II, mfumu yomaliza ya Russia. Usiku wa pa 16 kuchera pa 17 Julayi 1918, a Bolshevik anapha anthu 11 m'chipinda chapansi cha nyumba ya Ipatiev ku Yekaterinburg. Panali mfumuyo, mkazi wake Alexandra, ana awo asanu, dokotala wa banjalo Eugene Botkin ndi antchito atatu. Olga anali ndi zaka 22, Tatiana 21, Maria 19, Anastasia 17, ndipo mnyamata yekhayo, Alexei, anali ndi zaka 13. Nditalemba zaka zimenezi ndinaika cholembera pansi kaye. Atsikanawa ndi a msinkhu wa anzanga amene ndimakhala nawo m'kalasi.

Dzenje limene anakwiriridwamo linapezeka mwachinsinsi mu 1979 ndi Alexander Avdonin ndi Geli Ryabov, koma linafukulidwa poyera mu 1991. Munali mafupa a anthu 9 okha. Alexei munalibe, ndipo pa atsikana anayi munali atatu. Pa Olga ndi Tatiana panalibe mkangano waukulu woti alimo kapena mulibe. Funso linali lakuti wosowayo ndi Maria kapena Anastasia. Dziko linkafunitsitsa yankho chifukwa kwa zaka zambiri mayi wina, Anna Anderson, ankanena kuti iyeyo ndi Anastasia amene anapulumuka.

Lachinayi

Apa ndiye pali nkhani. Akatswiri a ku Russia, motsogozedwa ndi Sergei Abramov, anafananiza zigaza ndi zithunzi za atsikanawo pa kompyuta, n'kunena kuti Anastasia alimo, wosowa ndi Maria. William Maples wa ku University of Florida, amene anaona mafupawo mu 1992, anakana. Nkhope za zigazazo zinali zophwanyika ndipo zinachita kulumikizidwa, choncho iye sanakhulupirire kufananizako. Anadalira mafupa aatali. Mafupa amene a ku Russia ankati ndi a Anastasia ankasonyeza munthu wa masentimita pafupifupi 170, pamene Anastasia ankadziwika kuti anali wamfupi pa abale ake onse, wa masentimita pafupifupi 157.

Ndayesa kutembenuza masamu aja kuti ndione ndi maso. Munthu wa 157 akuyembekezeka kukhala ndi fupa la ntchafu la masentimita 41.7, wa 170 la masentimita 46.9. Kusiyana kwake ndi masentimita asanu basi, ngati zala zitatu zogundanizidwa. Ndajambula mizere iwiriyi pa pepala lalitali n'kumaiyang'ana. Dzina la mwana wa munthu likudalira kampata kameneko.

Komabe mfundo ya Maples ikuimabe. Ukachotsa 7.4 (3.72 uja kuwirikiza kawiri) pa 170 umatsala ndi 162 ndi kanthu, ndipo 157 ali kunja ndithu. Likanakhala fupa la masentimita 44 ngati langa lija, sibwenzi likunena kanthu, poti wamfupi ndi wamtali yemwe akanalowamo. Ndiye ndaphunzira kuti masamuwa mphamvu yawo ili pokana. Angakuuze kuti uyu sangakhale uje. Kuti akuuze dzina, ayi.

Loweruka

Ndagona ndi nkhaniyi, ndipo ndadzuka ndi mafunso amene akundivutabe. Nambala ya 157 inachokera kuti? Ndi ya pa zithunzi ndi pa zimene anthu ankakumbukira. Mu Disembala 1917 Alexandra analemba m'kalata za miyendo yaifupi ya Anastasia, n'kunena kuti akuyembekeza kuti akulabe. Kuchokera pamenepo kufika pa imfa panadutsa miyezi isanu ndi iwiri. Mtsikana wa zaka zimenezo angawonjezereko pang'ono, koma masentimita 13 sindikukhulupirira.

Chondivuta kwambiri ndi dzenjelo. Matupi anaunjikidwa pamodzi, anathiridwa asidi, ndipo anakhala m'nthaka yonyowa zaka zoposa 70. Kufukula kwa mu 1991 kunachitika mothamanga, mafupa ena n'kusakanikirana. Ndiye fupa la ntchafu limene likuyezedwalo, tikudziwa bwanji kuti ndi la chigaza chimene laikidwa nacho pamodzi? Pa atsikana a mimba imodzi, osiyana zaka zochepa, kusinthanitsa fupa limodzi kungatembenuze yankho lonse. Ndipo masamu a Trotter anachokera ku America, kwa asilikali amene anafa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, amene kutalika kwawo kunalembedwa polowa usilikali, komanso ku mitembo ya ku St. Louis. Apa akugwiritsidwa ntchito pa ana a banja lina, a dziko lina.

Nditawafunsa aphunzitsi za zimenezi anati, "N'chifukwa chake Maples sanaime pa kutalika kokha. Kawerengeni za msana." Ndawerenga. Munthu akamakula, nsonga za mafupa zimakhala zisanamatirire bwino ku fupa lenilenilo, ndipo zimatsekeka pang'onopang'ono, chilichonse pa nyengo yake. Maples anaona kuti mwa atsikana atatu aja palibe amene mafupa ake a msana anali ndi zizindikiro za mwana wa zaka 17 amene akukulabe. Umboniwu ukundikoka kuposa wa kutalika, chifukwa sukudalira chithunzi kapena zimene munthu akukumbukira.

Lamlungu

Ndimaganiza kuti DNA ndiyo inathetsa mkanganowu. Inathetsa mbali imodzi yokha. Peter Gill ndi anzake ku Britain anafananiza mafupawo ndi magazi a Prince Philip, wachibale wa Alexandra kudzera mwa amayi, ndipo mu 1994 anasonyeza kuti ndi banjalodi. Kuyeza kwina kunasonyeza kuti Anna Anderson sanali wa m'banjamo. Mu 2007 dzenje lachiwiri linapezeka pa mtunda wa mamita pafupifupi 70 kuchokera pa loyamba, muli zidutswa 44 za mafupa ndi mano, zopserera. Zinali za mnyamata ndi mtsikana, ndipo DNA inatsimikiza kuti ndi ana a Nicholas ndi Alexandra. Ana onse asanu anapezeka, palibe anapulumuka. Koma DNA imangonena kuti uyu ndi mwana wamkazi wa makolo awa, osati kuti ndi uti mwa anayiwo, popeza panalibe chinthu chodziwika cha mtsikana aliyense payekha choti afananize nacho.

Pa 17 Julayi 1998 mafupa a m'dzenje loyamba anaikidwa m'manda mu tchalitchi cha Peter ndi Paul ku St Petersburg, ndipo boma la Russia linatsatira akatswiri ake: bokosi lina linalembedwa dzina la Anastasia. Aphunzitsi akufuna kuti mawa aliyense abweretse chigamulo chake pa tsamba limodzi. Ine ndalemba kuti umboni wa kutalika ndi wa msana ukupendekera kwa Maples, kuti m'bokosimo mwina simuli Anastasia, ndipo ndaonjezera ndime yonena za kusakanikirana kwa mafupa, poti ndi pamene mfundo yangayi ingagwere.