Dzuwa la Ramadani pa msewu wa Sinda, Katete ndi Vubwi

Aliyense woyenda pa msewu wa Great East kuchokera ku Sinda kulowera ku Katete adziwa kuti m'mabomawa muli Asilamu, ena a mabanja a Amwenye a masitolo, ena Ayao amene makolo awo anachokera ku Malawi. Tigula nawo mchere ndi nsalu, ana athu aphunzira pamodzi, koma ndi ochepa mwa ife amene adziwa kutalika kwa tsiku la munthu wosala m'mwezi wa Ramadani.

Lamulo lawo silitchula maola. Kusala kuyamba m'bandakucha, kukali ola ndi mphindi pang'ono kuti dzuwa lituluke, ndipo kutha dzuwa likalowa. Pakati ponsepo sadya, samwa ngakhale dontho la madzi. Ife a Lenti, amene timwa madzi momasuka ngakhale pa Lachisanu Loyera, tiyenera kuvomereza kuti mtolo umenewu ndi wolemera.

Popeza chaka chawo chitsata mwezi wa kumwamba, chichepa ndi masiku 10 kapena 11 pa chaka chathu, motero Ramadani ibwerera m'mbuyo mpaka kuzungulira nyengo zonse m'zaka pafupifupi 33. Mu 2016 inagwa mu Juni, nthawi ya chisanu, pamene dzuwa la ku Katete lilowa cha m'ma 17:30, ndipo kusala kunali pafupifupi maola 12 ndi theka. Mu Disembala 2000 kunapitirira maola 14. Mu 2025 Ramadani inayamba kumayambiriro kwa Malichi, masiku ochepa chabe lisanafike Lachitatu la Phulusa lathu la pa 5 Malichi, kotero kuti mzikiti ndi tchalitchi zinasala nyengo imodzi.

Kuno kwathu kusiyana kwa maola sikufika ngakhale awiri, pakuti tili pafupi ndi pakati pa dziko lapansi. Ku London mu Juni womwewo wa 2016 Asilamu anasala maola oposa 18, ndipo kumpoto kwa Norway, kumene dzuwa sililowa konse m'miyezi imeneyo, ambiri atsata nthawi ya ku Mecca. Komabe ife tiona kuti kuwerenga maola okha kunyenga. Ramadani ya mu Okutobala 2005 siinali yaitali koposa zonse, koma munthu wogwira khasu m'dzuwa la mwezi umenewo, mitsinje itauma, fumbi lili kobo, ndiye adziwa ludzu. Ramadani ya mu Febuluwale nayo igwa pamene nkhokwe zambiri za m'midzi zili gwaa, chimanga chisanakhwime. Ndi chifukwa chake chipembedzo chawo chimasula odwala, apaulendo, amayi apakati ndi oyamwitsa kuti adzabweze masikuwo pambuyo.

Tikapatuka kulowera kum'mawa, ku mapiri a Vubwi pafupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique, tipeza kanthu kena kosangalatsa. Wotchi ya Zambia ndi imodzi, koma dzuwa lifulumira kulowa kum'mawa. Msilamu wa ku Vubwi amwa madzi ake oyamba mphindi ngati 5 mnzake wa ku Sinda asanayambe, ndipo wa ku Katete amasula kusala mphindi ngati 15 wa ku Lusaka akali kudikira. Amene atsata ndandanda ya nthawi ya ku Lusaka ali ku Vubwi achedwa kumasula madzulo, ndipo choopsa kwa iye nchakuti m'mamawa angadye kutacha kale, kusala kwa tsikulo nkuwonongeka.