Nati Imodzi Ikamasuka

M'mwezi wa Julaye 2022 tinali pa ulendo wopita ku maliro a msuweni wathu ku Petauke. Tinakwera lole ya hayala kucokera mu Lusaka, anthu 30 pamodzi ndi matumba a ufa ndi nkhuni. Titaoloka mlatho wa Luangwa ndi kuyamba kukwera mapiri a ku Kacholola, mai wina amene anakhala pamwamba pa mawilo a kumbuyo anati akumva kugogoda pansi pake. Ena anamuseka, koma dalaivala, bambo wacikulire, anaimika galimoto. Pa mabauti 8 ogwira mawilo a kumanzere, 3 anali atathyoka, ndipo manati otsalawo tinali kuwapotokola ndi zala. Tinagona pamseu usiku umenewo, ndipo tinafika pamudzi thupi ataika kale. Zinatiwawa ndithu, koma tikadapitirira mpaka potsetsereka, mudziwo ukadalira maliro oculuka.

Makanika amene anabwera m'mawa kucokera ku Nyimba anatiphunzitsa zimene tifuna kugawana nanu, okondedwa awerengi, pakuti ambiri a ife timakwera malole popita ku maliro, ku maukwati ndi kokagulitsa cimanga.

Bauti silithyoka tsiku limodzi. Nchito ya manati ndi kupanikiza limu ku habu kolimba, kuti ziwirizo ziyende ngati citsulo cimodzi. Nati ikamasuka, limu limayamba kugwedera, ndipo kulemera konse kwa katundu kumagwera pa mabauti. Pamenepo bauti limapindikira uku ndi uko pa kuzungulira kulikonse kwa wilo, monga waya umene mwana aupinda mobwerezabwereza mpaka uduke. Limodzi likathyoka, anzake oyandikana nalo amasenza mtolo wake, nawonso amatsatira.

Tinadabwa kumva kuti kumanga kopitirira muyeso kumaononganso. Ndani sanaone mnyamata ataika paipi yaitali pa sipanala ndi kulumphapo ndi miyendo yonse iwiri? Iye amayesa kuti wacita bwino, pamene bautilo latanuka ndipo mphamvu yake yatha. Cina ndi dzimbiri, matope kapena penti yocindikala pakati pa limu ndi habu. Zimenezi zimaperepeseka galimoto ikamayenda, ndipo nati imene inamangidwa bwino m'mawa imapezeka yomasuka madzulo. Katundu wopitirira muyeso ndi maenje a m'mphepete mwa mseu zimangofulumizitsa ngoziyo. Komanso malole ambiri akale a ku Japan ali ndi mabauti a kumanzere omangira cobwerera, olembedwa L kumutu kwake. Wosadziwa amawathyola akuyesa kuti akumasula.

Kupewa kwake sikufuna ndalama zambiri. Musanaike wilo, yeretsani limu ndi habu ndi bulashi ya waya. Mangani manati modumphanadumpha, iyi kenaka ya moyang'anana nayo, osati motsatana. Malizani ndi sipanala ya muyeso, imene amakanika amaicha toki renchi, potsata nambala yolembedwa m'buku la galimotoyo. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100 wilo litasinthidwa, imani ndi kuyesanso manati onse. Lole yathu ija anaisintha tayala dzulo lake, ndipo panalibe anacita zimenezi. Bauti limodzi likathyoka, sinthani ndi oyandikana nalo. Akathyoka 2 kapena kuposa, sinthani onse. Limu la mabowo okula kapena ong'aluka ndi lotaya.

M'mawa uliwonse dalaivala azungulire galimoto yake. Mizere ya dzimbiri yocokera pa nati, kapena citsulo conyezimira mozungulira nati, ndi cizindikilo cakuti wilo likugwedera. Tizisonyezo tacikasu ta pulasitiki timene mumationa pa mawilo a malole akuluakulu ndi ta nchito yomweyo: kamodzi kakapotoka, nati yake yamasuka.

Nanga ife okwera? Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tikamalemba lole ya hayala, tisafunse mtengo wokha. Tiyang'ane mawilo, tiwerenge manati, ndipo tifunse mwaulemu ngati anayesedwa. Tikamva kugogoda panjira, tilankhule, ngakhale anzathu atiseke. Mai uja analankhula, ndipo tonse 30 tinabwerera kwa ana athu.