Namitete, tsiku lina la mu Okutobala

Kusanache bwino njinga zayamba kale kutulukira pa msewu wa M12, wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji. Matumba a mtedza, nkhuku m'dengu, mbuzi yolira pakaliyala, zonse zamangidwa ndi malegeni odulidwa ku machubu akutha. Chingwe cha khonje chimakhwepa njinga ikamadumpha m'maenje, pamene mphira imatamuka n'kubwerera, katundu osasuntha.

Cha m'ma 9 koloko akalipentala ali kalikiliki kupala matabwa. Mayi wina akufuna chitseko.

"Cha paini n'chotchipa, mayi, koma chiswe chimachikonda. Bulugamu ngwolimba, kungoti mukamupala asanaume amapindika n'kung'aluka."

"Nanga mlombwa, bambo?"

Mmisiri akungoseka. Mlombwa chiswe chimaupatsa ulemu, koma masiku ano ngwosowa, ndipo mtengo wake si wamasewera.

Dzuwa likafika paliwombo, malonda otentha ndi pepala lakuda la pulasitiki, poti mvula yayandikira. Amaliyala padenga ndi pazigafa za fodya. Silidontha, silichita dzimbiri, munthu mmodzi amalinyamula kukhwapa. Mdani wake ndi dzuwa: likakhala pamtetete limauma n'kuyamba kuthetheka, n'chifukwa chake wanzeru amalifunditsa udzu wokwanira. Chodabwitsa n'chakuti pulasitiki yemweyu akapezeka m'belo la fodya ku Kanengo, belo limabwezedwa. Kumeneko amafuna chiguduli basi. Za majumbo opyapyala ndiye musanene. Boma lidaletsa osafika mamaikuloni 60 mu 2015, koma mbuzi za pamsika zikuwatafunabe.

Chakumadzulo kwafika akomiti ya mjigo, atatu, ndalama ali nazo pakansalu. Mjigo wawo wa Afridev ukungolira osatulutsa madzi. Kunja umaoneka chitsulo chokhachokha, koma mapaipi otsikira pansi ndi a PVC, chifukwa achitsulo amadyeka ndi madzi ena a pansi n'kuwafiiritsa. Chimene chatha ndi kalabala kozungulira, kokwana m'dzanja la mwana, kamene kamatseka mpata kuti madzi akwere. Kamatha msanga. Chifukwa cha kameneka amayi a mudzi wonse abwerera kudambo.

Wagolosale amene wawagulitsa kalabalako akufuna kutseka. Msungichuma wa komiti wakana kuchoka asanalandire lisiti, akuti kumudzi anthu ali ndi pakamwa.