Seva yanga inali kugona pansi pa bedi

Nchito yanga ni kujambula vithunzi pa vikwati, pa ma kitchen party na pa chilanga mulilo. Kujambula sikuvuta. Chovuta ni kupereka vithunzi 800 kuli mwine wake. WhatsApp imavifinya mpaka mkwatibwi aoneka monga pa NRC.

Mu 2023 mnzanga wina okonza mafoni mu town ananiuza kuti, “Boyi, laptop yakale ija osataya, tiipange seva.” Seva ni kompyuta chabe yamene siigona, anthu amatengapo vinthu kupitira pa intaneti. Tinaikamo Linux na Nextcloud, nayibisa pansi pa bedi kwathu ku Chawama. Kasitoma namutumira link, atenga vithunzi vake eka. Kulibe lendi, kulibe olipira pa mwezi. Ninamvela monga ndine bwana wa kampani.

Chamene mnzanga sananiuze ni chakuti munthu aliyense akatenga vithunzi, ni bundle yanga yamene isila. Banja imodzi, azimai ake, apongozi, alamu, onse afuna album yonse. Ninapirira.

Manje kunabwera chilala cha 2024. Madzi ku Kariba yanachepa, ndipo pofika September malaiti yanali kubwera maola atatu chabe pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Batire ya laptop inali yakufa kale. Amai ena amene ninajambulira chikwati cha mwana wao ananitumira foni Sondo m'mawa. Mlongo wao ku Leeds, wamene anatuma ndalama za holo na keke, anayesa link masiku atatu, siitseguka. “Mwana wanga, tiuze chabe zoona. Vithunzi vilipo, olo unavitaya?” Vinalipo, pansi pa bedi, mu mdima. Koma kuwauza amai akulu kuti seva ilibe malaiti, chimveka monga boza ya kaponya.

Sabata yamene ija ninachita lendi seva. Ni kagawo ka kompyuta ya ene ake mu data centre kunja kwa dziko, kwamene kuli majenereta na anthu oyang'anira usiku onse. Kang'ono kamayambira pa madola 5 olo 6 pa mwezi. Chioneka chochipa, koma ulipira na khadi ya ku banki, mu madola, ndipo chaka chija dola inapitirira K25. Malo nayo ni yang'ono, 25GB, vikwati viwiri yadzala. Ndipo ukaleka kulipira, ene ake amatseka, pambuyo pake afafaniza vonse. Landilodi wa mu komboni angakumvelereko ukamupapata. Uyu alibe khomo yogogodapo.

So manje nimachita so. Vithunzi va mwezi uno, vamene anthu akali kufuna, vikhala pa seva ya lendi. Pakapita masiku 30 navichotsa. Vakale vonse vili pa hard disk kunyumba, na ina yachiwiri kwa asisi anga ku Matero, chifukwa Chawama na mvula tidziwana.

Laptop ija ikali moyo. Mwana wanga ndiye atambirapo makatuni.