Bwana Wodana ndi Thukuta

Mwezi wa Okutobala pa Boma la Ntcheu suseka ndi munthu. Mphepo yochokera kuchigwa cha Bwanje imafika itapsa kale, ndipo makalaliki amalemba thukuta lili kamukamu. Koma pa ofesi ina pamene ndinagwira ntchito panali chipinda chimodzi chopanda windo, chozizira chaka chonse, chimene munalibe mpando wa munthu. Munkakhala maseva, makompyuta aja osunga mafayilo a ofesi yonse, ndipo ntchito yanga inali yowasamalira. Anzanga ankati bwana weniweni ndi wa m'chipindamo, poti ndi yekhayo amene anamugulira maeyakoni awiri.

Kumeneku sikunali kumulemekeza ayi. Magetsi onse amene seva yadya amasanduka kutentha, palibe opita kwina. Kabati yodya makilowati atatu ili ngati maketulo awiri amagetsi owira usana ndi usiku m'chipinda chotseka. Akatswiri a bungwe la ASHRAE ku America amalangiza kuti mpweya wolowa m'makinawa ukhale pakati pa madigiri 18 ndi 27. Walira mvula walira matope: wofuna seva wafunanso ng'anjo.

Tsono msampha uli apa. Maseva amalumikizidwa ku mabatire a UPS kuti magetsi akathima asazime mwadzidzidzi, koma eyakoni sailumikizako chifukwa ndi yadyera. Ndiye magetsi akapita, moto upitirira kuyaka, wokupiza wagona. Pakangopita mphindi zochepa timafani ta m'kati timayamba kulira ngati njuchi zoputidwa, makina amachepetsa liwiro, kenaka amadzizimitsa okha, mwina ali pakati polemba malipiro a anthu. Nawonso mabatirewo amakalamba msanga: kutentha kukapyola madigiri 25 ndi ena pafupifupi 10, moyo wawo umadulidwa pakati.

Izi tinaziphunzira bwino mu 2022. Mu Januwale namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira pa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makina a kumeneko sanayambenso kugwira ntchito mpaka 2023. Jenereta tinali nayo, koma chakumapeto kwa chakacho dizilo naye anali wa pamzere. Ndinalemba pepala n'kumata pachitseko, losonyeza makina oyamba kuzimitsa ndi otsiriza. Kusankha kumeneko kunali kowawa kuposa mmene kukumvekeramu, chifukwa kuseri kwa makina alionse kuli mayi amene wakwera minibasi kuchokera ku Kasinje kudzatenga kalata, ndipo adzauzidwa kuti "netiweki palibe, mubwere mawa."

Amene anatipulumutsa kawirikawiri anali mlonda wausiku, bambo wachikulire. Ndinawapachikira kachipangizo koyezera kutentha pakhomo, ndipo kakafika pa 30 ankandiimbira foni. Tinkatsekula chitseko n'kuika fani yoyendera batire pakhomo, itapenya kunja kuti izikoka mpweya wotentha. Ambiri amaipenyetsa m'kati, n'kumangotakasa kutentha komweko ngati phala.

Usiku wina iwo anati, "Achimwene, bwanji tinyowetse masaka tiyanike mmenemu? Madzi a mumtsuko amazizira choncho."

"Nzeruyo ndi yoona, madala," ndinatero, "koma bwana uyu chinyontho amadana nachonso."

Anapukusa mutu nati munthu wokana dzuwa, wokana madzi, wokananso fumbi, kwawo sangamupatse mbeta.

Fumbilo ndiye mdani wachete. M'chilimwe limatseka zosefera za eyakoni mpaka makinawo amangolira osatulutsa kanthu. Kutsuka zosefera ndi ntchito ya mphindi khumi, koma gasi akatha mumadikira mmisiri wochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo pepala lomuitanira limayenda pang'onopang'ono kuposa basi.

Tisaganize kuti ndi matenda a amphawi okha. Mu Julayi chaka chomwecho ku England kunatentha kupyola madigiri 40, ndipo ku London zoziziritsa za Google ndi Oracle zinalephera. Makompyuta a zipatala za Guy's ndi St Thomas' nawonso anagwa, madokotala n'kubwerera ku pepala ndi cholembera. Mwezi womwewo kwathu kuno anatsekula National Data Centre ku Blantyre. Ndi chinthu chabwino, ndipo timaseva ta m'maboma tikasamukira kumeneko ine sindilira. Komabe kutenthako tangokusamutsa, ndipo wokuthamangitsa akadali Shire yemweyo.

A Facebook mu 2013 anatsekula nyumba yawo ya maseva ku Luleå, kumpoto kwa Sweden, kuti mphepo yakunja iziwaziziritsira. Ndikamva zimenezi ndimakumbuka ku Tsangano ndi ku Lizulu, m'boma lathu lomweli, kumene mu Juni munthu amafunda mabulangete awiri n'kumanjenjemerabe. Kuzizira kumene timagula ndi dizilo pa Boma, kumtundako akulimira mbatatesi ndi kabichi.